Funsani Dokotala: Kodi masipaisi mu nyama tiziika ochuluka bwanji?

Sabata ino mafunso ambiri abwera a kukhitchini, mpaka ndinadzifunsa ngati anthu mwayamba kundiyesa khukhi. Komabe mpoto ndi chipatala n'zoyandikana kuposa mmene timaganizira, nde tiyeni tiyambe ndi mayi wina wa ku Chilomoni.

Funso: Adokotala, amuna anga anawapeza ndi BP miyezi itatu yapitayo ndipo akumwa mankhwala. Apongozi akuti ndine ndawadwalitsira mwana wawo chifukwa ndimaika masipaisi ambiri mu nyama, akuti kale anthu ankangophika ndi mchere ndi tomato basi ndipo za BP kunalibe. Ndikamaphika kilo ya ng'ombe ndinkaika adyo, jinja, curry, paprika, makyubu awiri ndi mchere. Pano ndasiya zonsezo ndikungoika makyubu ndi mchere, koma bambo akudandaula kuti ndiwo sizikukoma ndipo akumawonjezera mchere patebulo. Ndipange bwanji?

Yankho: Mayi, pepani ndi mawu a apongoziwo, koma ndikuuzeni zoona, mwathamangitsa osalakwa n'kusiya wakubayo ali phee m'nyumba. Adyo, jinja, curry ndi paprika sizikweza BP. Chimene chimakweza BP mu mpoto wanuwo ndi mchere, ndipo mcherewo ukulowa njira zitatu, wa m'manja mwanu, wa m'makyubu ndi wa patebulo uja bambo ayamba kuwaza chifukwa ndiwo zasukuluka.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku. Magalamu 5 ndi kasipuni ka tiyi kamodzi kosadzaza bwino, ndipo amenewo ndi a tsiku lonse, kuyambira buledi wa m'mawa, majarini, ndiwo za masana mpaka za usiku. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi mpoto wanu. Makyubu ambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mchere weniweni, moti kyubu yaikulu ija ya magalamu 10 imodzi yokha ikhoza kutha muyezo wa munthu wa tsiku lonse. Inu mukuika awiri. Kenako mumatapa mchere ndi dzanja, ndipo dzanja la mayi wozolowera kuphika likatapa sikawirikawiri kuchepera sipuni yaikulu, yomwe ndi timasipuni ta tiyi titatu. Mukaphatikiza mupeza kuti mpotowo wafika magalamu 25 kapena kuposa, ndipo ngati mumadya anthu asanu ndiye kuti aliyense wamaliza gawo lake la tsiku pa nsima imodzi yokha, bambo asanayambe n'komwe kuwaza wawo uja.

Chimene mchere umachita m'thupi sichovuta kumva. Umakoka madzi. Mchere ukachuluka m'magazi thupi limasunga madzi ambiri kuti liusungunule, madziwo amadzaza m'mitsempha, mtima umapopa movutikira ngati munthu amene akupopa mjigo wolimba, ndipo zaka zikamapita mitsempha imauma, impso zimatopa, mapeto ake ndi sitiroko ija timaiona anthu akufa mbali imodzi. Komanso mchere wambiri umafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP omwe bambo akumwawo, munthu n'kumadabwa kuti ndikumwa daily koma sikutsika.

Za apongozi zoti kale kunalibe BP, musakangane nawo, koma inu dziwani kuti inalipo, kungoti panalibe woyeza. Agogo akagwa kumunda pakamwa n'kupindika anthu ankati awalodza kapena aponda mankhwala. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse mmodzi anali ndi BP yokwera, akumudzi ndi a m'tauni omwe, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe.

Nde bwezerani masipaisi aja. Pa kilo imodzi ya nyama ine ndimalangiza chonchi, ndipo kwathu timaphika chomwechi. Anyezi awiri akuluakulu muwakazinge mpaka afiire bwino, osati kungowaonetsa mafuta, chifukwa kukoma kwambiri kwa msuzi kumachokera pamenepo. Adyo tizidutswa tinayi kapena tisanu tosinja, jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu, curry kasipuni ka tiyi kamodzi kapena tiwiri, paprika kamodzi, black pepper theka la kasipuni. Tomato atatu akupsa bwino. Masipaisi a ufawa muziwaika m'mafuta pamodzi ndi anyezi kwa kamphindi kuti atulutse fungo, mukawathira m'madzi pomaliza amangomveka ufa pakhosi. Masamba ouma ngati thyme kapena rosemary ndi amphamvu, theka la kasipuni lakwana, mukachulutsa rosemary nyama imamveka ngati mankhwala a chifuwa. Mukapeza coriander wamuwisi, amwenye amati dhania, muwaze mutaphula kale.

Mchere tsopano. Kasipuni ka tiyi kamodzi kosefula ndi mpeni, pa kilo yonse. Osati mulu, osati dzanja. Mukafuna kyubu ikani imodzi ndipo mchere musaikenso, sankhani chimodzi. Pomaliza finyirani theka la ndimu mu msuziwo, kuwawasa kuja kumanamiza lilime n'kumamva ngati mchere wakolera. Botolo la mchere lichoke patebulo, likabisidwe ndithu. Masabata awiri atatu oyamba bambo anyinyirika, zimenezo yembekezerani, koma lilime limazolowera ndipo pakatha mwezi kapena iwiri akakadya kwa anzawo adzabwera akunena kuti ndiwo zinali zowawa mchere.

Pali msampha wina ku shopu. Timabotolo tambiri tolembedwa steak and chops, barbecue, chicken spice kaya garlic salt, timatchedwa masipaisi koma mukatembenuza n'kuwerenga ingredients mupeza mawu oyamba ndi salt, ndipo chimene chalembedwa poyamba ndiye chimene chachuluka. Pena amalemba sodium m'malo mwa mchere, nambala imeneyo muichulukitse ndi 2.5 kuti mudziwe mchere weniweni. Bola kugula curry payekha, paprika payekha, n'kumasakaniza nokha. Mchere wochepa womwe mukuikawo ukhale wa ayodini chifukwa umateteza ku matenda a chithokomiro. Ndipo chonde, mankhwala a BP apitirize. Ndaonapo anthu atasiya mapilitsi ati akutafuna adyo m'mawa uliwonse, anabwera atanyamulidwa.

Funso: Dokotala ine ndi mnyamata wa zaka 29 ndimakhala ku Area 25. Weekend iliyonse ndimadya kanyenya wa mbuzi pa chiwaya ndi kambuzi wambiri, popanda tsabola sindimva kukoma. Pano m'mimba mumatentha makamaka usiku. Anzanga akuti tsabola wandibowola m'mimba, ndi maalsa. N'zoona?

Yankho: Achimwene, tsabola sabowola m'mimba. Kwa zaka zambiri ngakhale ife madokotala tinkauza anthu kuti maalsa amayamba ndi tsabola ndi maganizo, mpaka madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa cha m'ma 1982 kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Anthu sanawakhulupirire, Marshall mpaka anachita kumwa tizilomboto dala n'kudwala kuti atsimikize, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kachilomboka n'kofala kwambiri kuno kwathu, ambiri timakatenga tili ana. Choyambitsa china chachikulu ndi mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac, indocid ndi aspirin, amene anyamata mumagula pa okala n'kumamwa m'mimba muli mbee pofuna kuthetsa matsire.

Nde ndikufunseni zimene simunalembe. Kanyenyayo amatsika ndi chani? Chifukwa pa chiwaya cha weekend sindinaonepo ambiri akumwera tiyi. Mowa, fodya, nyama ya mafuta ambiri komanso kudya usiku kwambiri n'kukagona nthawi yomweyo, zonsezi zimabweretsa chilungulira ndi kutentha m'mimba. Tsabola chimene amachita n'choti pamene pali kale chilonda kapena asidi akukwera, amapangitsa kuti mumve kuwawako kwambiri, ngati kuthira ndimu pa bala. Choncho ngati mukadya kambuzi mukuvutika, chepetsani kapena yambani mwasiya, thupi lanu lomwe likuuzani muyezo. Kwa munthu wabwinobwino kambuzi mmodzi kapena awiri pa kilo ya nyama ndi wokwanira, kambuzi ndi waukali ndipo fungo lake lija limamveka ngakhale ali wochepa. Pakhomo pomwe pali ana kapena wodwala m'mimba bola kumusinjira pambali aliyense azidziikira.

Pitani kuchipatala akakuoneni, kachilomboka kamayezedwa ndipo kamachizika ndi mankhwala a sabata imodzi kapena awiri. Musamangomwa magnesium kapena mkaka miyezi n'miyezi. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi kapena zooneka ngati khofi, kuonda popanda chifukwa, kapena chakudya kukanirira pomeza, musadikire weekend ithe, pitani tsiku lomwelo.

Pa chiwayapo chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola kaja amaika pakona. Nthuli iliyonse kususa, nthuli iliyonse kususa, nyama yake yoti yathiridwa kale mchere. Mukamaliza mbale mwadya mchere wa masiku awiri muli ndi zaka 29. Ndipo mbali zopserera zakuda zija muzizichotsa, nyama ikapserera pamoto pamapangika zinthu zomwe zikaunjikana kwa zaka zimaonjezera chiopsezo cha khansa. Mukamaotcha nokha kunyumba inyikeni kaye mu ndimu, adyo, jinja ndi timafuta pang'ono kwa ola limodzi kapena usiku wonse mu fuliji, zimachepetsako zimenezo ndipo imafewa.

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi 8, ndingamupatse msuzi wa nyama womwe ndaika masipaisi ndi kyubu?

Yankho: Mupatulireni wake musanaike mchere, kyubu ndi tsabola. Impso za mwana wosakwana chaka sizinakhwime, safunika kupyola galamu imodzi ya mchere pa tsiku ndipo imeneyo amaipeza kale mu mkaka wa m'mawere ndi zakudya zina. Anyezi, tomato ndi kaadyo pang'ono palibe vuto. Koma mayi musamangomupatsa msuzi wokha ngati mmene ambiri timachitira, kumiza kansima mu msuzi n'kumati mwana wadya nyama. Ayironi wopanga magazi ali mu nyamamo osati m'madzimo. Iphikeni ifewe, muisinje kapena kuinyenyanyenya bwinobwino n'kusakaniza mu phala lake, chiwindi pang'ono kamodzi pa sabata n'chabwinonso.

Funso: Adokotala ndili ndi kamalo kogulitsa nsima ku Mzuzu. Nyama ya ng'ombe ikakhala yolimba anzanga amati ndiziponyamo Panado kapena soda kuti ipse msanga makala asathe. Komanso magetsi akazima nyama mu fuliji imayamba kafungo, ndikaitsuka ndi viniga n'kuika curry ndi adyo wambiri fungo limatha. Pali vuto?

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanapweteke anthu. Panado mu mpoto ayi, ngakhale m'bulu umodzi. Amenewo ndi mankhwala, ali ndi muyezo wake, akachuluka amawononga chiwindi, ndipo kasitomala wanu sakudziwa kuti akudya mankhwala, mwina wamwa kale ena m'mawa, mwina ndi mwana, mwina chiwindi chake n'chofooka kale ndi mowa. Soda si poizoni koma naye ali ndi sodium yemweyo wa mu mchere, amapha mavitamini ena a gulu la B ndipo akachuluka nyama imamveka sopo.

Njira yofewetsa ilipo ya ulere pabwalo panu pomwepo, papaya. Papaya wamuwisi ali ndi papain, yemwe amadula minyewa ya nyama, ndipo ndi yemweyo amaika mu meat tenderiser wambiri wa m'mashopu. Palani papaya wosapsa, masipuni awiri akulu pa kilo, pakani nyamayo idikire kwa theka la ola kapena ola limodzi, kapena ikulungeni m'masamba a papaya otikita ngati ankachitira agogo athu ndi tambala wokalamba. Musapitirire nthawi, imasanduka phala. Nanazi wamuwisi amagwiranso ntchito yomweyo. Kudula tizidutswa tating'ono mopingasa mitsempha n'kuphika pa moto wochepa mutavundikira kumapulumutsanso makala kuposa kuwiritsa mwaukali chivundikiro chili pambali.

Za kafungozo ndiye ndikukanizani. Curry ndi adyo zimabisa fungo ku mphuno basi, sizikonza nyama. Nyama ikayamba kununkha, kuterera kapena kubiriwira ndiye kuti mabakiteriya aswana kale, ndipo ena mwa iwo amasiya poizoni amene safa ngakhale muwiritse maola awiri. Anthu khumi akatsegula m'mimba tsiku limodzi onse atadya pa inu, bizinesi yatha, ndipo mwana kapena munthu amene chitetezo chake n'chotsika akhoza kutsamira mkono. Ndikudziwa kuti kilo ya nyama pano ndi ndalama zambiri ndipo kutaya kumawawa. Magetsi akazima musamatsegule fuliji pafupipafupi, freezer yodzaza yosatsegulidwa imasunga kuzizira mpaka masiku awiri, koma fuliji wamba ndi maola anayi okha. Mukaona kuti sabwera msanga iphikeni nyamayo ikadali bwino, kapena iwambeni pa moto ngati kumudzi, ndipo masiku omwe magetsi akuvuta muzipikula yokwana tsiku limenelo.