Pangani environment yanuyanu, musiye kudalira `<<-`

Achimwene, funso lanu ndalimva bwino. Mu R, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, muli ndi function imene imawerenga fayilo yaikulu ya kafukufuku n'kuyeretsa deta, ndipo mukufuna kuti ma function ena aziigwiritsa ntchito popanda kuiwerenganso. Mwayesa `<<-`, kenako mwapeza tebulo lina mu global environment litasinthika.

Tebulolo silinasinthe lokha ayi. Environment ndi malo amene R amasungamo zinthu ndi mayina ake, ndipo global environment ndi malo aakulu amene mumagwiriramo ntchito. `<<-` imayamba kufunafuna dzinalo mu environment imene function yanu inalembedweramo, n'kumakwera m'mwamba mpaka italipeza, ndipo pomwe yalipezapo imalemba pompo osafunsa. Ikalephera kulipeza, imalilenga mu global. Choncho dzina likangofanana ndi la chinthu china, chakalecho chapita. Nthawi zina imakwera mpaka mu package: mukalemba `df <<- ...` pamene mulibe `df` wanu, mudzaona uthenga wa locked binding (kutanthauza kuti dzinalo ndi lotsekedwa, simungalisinthe), chifukwa yakumana ndi function ya `df` ya mu package ya stats.

Ine ndimapanga environment yangayanga, n'kuitcha `nkhokwe`, n'kusungamo detayo chonchi:

`nkhokwe <- new.env(parent = emptyenv())`
`nkhokwe$deta <- werengani_fayilo()`

Kenako function iliyonse yofuna detayo muziipatsa `nkhokwe` ngati argument. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Mukapereka list kapena data frame kwa function, iyo n'kusinthamo kanthu, R amasintha kope chabe, choyambirira chija chimakhala momwe chinalili. Environment sikopedwa. Ma function onse amatapa m'nkhokwe imodzi, ndipo chimene mmodzi waikamo anzake amachipeza. Ubwino wake ndi wakuti wowerenga code yanu amaona ndi maso kuti function iti ikukhudza nkhokweyo, pamene `<<-` imagwira ntchito mobisa. 

Kuti fayilo isawerengedwe kawiri, yambani mwafunsa ndi `exists("deta", envir = nkhokwe, inherits = FALSE)`. Dziwaninso kuti `nkhokwe$dzina` imabweza NULL mwakachetechete ngati mwalakwitsa kalembedwe ka dzinalo, pamene `get()` imaimitsa zonse n'kukuuzani. Pa deta yofunika ine ndimasankha `get()`, bola kuimitsidwa kusiyana n'kuwerengera zinthu zopanda kanthu.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Kulemba `b <- nkhokwe` sikupanga nkhokwe yachiwiri, ndi yomweyo yangopatsidwa dzina lina, ndiye mukafufuta kanthu mu `b` mwafufutanso mu `nkhokwe`. Komanso mukadzayamba kugawa ntchito ndi `parLapply()`, worker aliyense (R wina amene wapatsidwa gawo la ntchitoyo) amalandira kope lake la nkhokweyo, ndipo zimene walembamo sizibwerera kwa inu. Pamenepo zotsatira zizibwera ngati return value, inu n'kuziika m'nkhokwe nokha zonse zikatha.