Yankho kwa achemwali pa zoti mwana azikaimba ndi agogo oiwalaiwala

Achemwali, mwaswera bwanji uko? Uthenga wanu ndaumva, koma kulemba sinditha, ndili pamoto, ndingolankhula. Mwafunsa ngati mumulole mtsikana wanu kuti Loweruka azipita ndi anzake a kwaya kukaimba kunyumba yosungirako okalamba ija, poti mwamva kuti agogo ena kumeneko mitu sikuyenda. Ine ndikuti muloleni. Paja ndimakathandizako, ndiye ndikunena zimene ndimaona.

Si misala ayi, achemwali. Ife a ku Zomba kuno tikangomva za mutu, maganizo amathamangira ku chipatala cha amisala cha Mental. Awa ndi matenda oiwalaiwala, achipatala amati dementia. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala ndi mtundu wotchedwa Alzheimer. Sapatsirana. Komanso si ufiti. Agogo aja amene amapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha, anthu n'kumakuwa kuti agwa pandege, ambiri amakhala kuti angosochera, aiwala njira ya kwawo. Ndipo lamulo lathu lija la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, kungoti anthu salilabadira.

Tsono za nyimbozo. Matendawa amayamba kufufuta zaposachedwa. Agogo adya phala pompano, n'kumadandaula kuti chidzukireni sanalawe kanthu. Koma nyimbo zimene anaphunzira ali achinyamata zimakhalitsa, chifukwa mbali za ubongo zosunga nyimbo zozolowereka zimachedwa kugwidwa. Alipo agogo ena aakazi kumeneko, mwana wawo weniweni akabwera amamufunsa kuti ndinu ndani. Tsiku lina ana anayambitsa nyimbo ya pamtondo, koma molakwitsa. Eee, agogo aja anadzuka, amvekere, iyayi simutero! Anaitsogolera okha mpaka kumapeto, manja akusinja m'malere, mawu onse osaphonya. Ana aja kakasi.

Ndiye chimene ndimawauza ana n'choti asapite ngati akupita kukonsati, kuima pamzere, yunifolomu, kuimba, kuwomberedwa m'manja, basi kubwerera. Zimenezo agogo amangosinza. Akhale nawo pansi kapena pabenchi, moyang'anizana, awapatse visekese, aimbe pang'onopang'ono ndi kubwereza kolasi mpaka agogo alowemo. Agogo akasintha nyimbo pakati, atsatire agogowo. Kumeneko mphunzitsi ndi wokalambayo, ana ndi ongovomera.

Komanso asankhe bwino nyimbo. Izi zimene amavina pa TikTok agogo sazidziwa. Munthu wobadwa cha m'ma 1945 unyamata wake unali nthawi ya ufulu wa 1964, Zomba akadali likulu la dziko, paja linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ndiye zake ndi nyimbo za pa wailesi ya MBC nthawi imeneyo, za m'buku la nyimbo kutchalitchi, za chinkhoswe, za gule wa kwawo. Ndipo kuno tasakanikirana. Wina Mlomwe, akamva ng'oma ya tchopa mapewa amayamba okha. Wina Myao, iye ndi beni, manganje, kapena sikiri ngati ali Msilamu, sungomupanikiza ndi nyimbo za kwaya. Ena mpaka Chichewa chimawathawa, amabwerera ku chilankhulo cha amayi awo. Choncho afunse achibale kapena osamalira kuti agogo awa ankakonda chiyani. Nyimbo za mbumba za nthawi ya a Kamuzu asamale nazo, ena zimawasangalatsa, ena zimawakumbutsa abale amene anatsekeredwa ku Mikuyu. Za pamaliro ndiye ayi ndithu.

Ndisakunamizeni, nyimbo sizichiritsa. Chimene zimachita n'kuwakhazika mtima pansi, kuchepetsa kulusa kuja, ndipo ena amadya bwino tsiku limenelo. Koma mumuuziretu mwanayo kuti agogo amene aimba nawo lero atagwirana manja, sabata yamawa mwina sakamudziwa. Asakhumudwe, ndipo asamafunse kuti mukundikumbukira, funso limenelo limawachititsa manyazi. Angopereka moni mwaulemu n'kudzitchula dzina ngati koyamba. Agogo akayamba kulira, asathawe, aitane osamalira. Kulira kwina kumakhala kwabwino, koma akaona kuti avutika, asiye nyimboyo.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Dzuwa likapendeka odwala ambiri amasokonezeka, amafuna kupita kwawo ngakhale kwawoko kunatha kale. Mphindi 30 kapena 40 zakwana, ndipo masipika aja asiye kutchalitchi, phokoso limawaopseza. Chinanso, mafoni m'thumba. Kujambula agogo n'kuika pa Facebook popanda chilolezo cha abale awo ine ndimadana nazo kwambiri. Mwanayo akakhala ndi chimfine atsale kunyumba, okalamba sachedwa kutenga.

Za sukulu musade nkhawa, ali Fomu 3, MSCE ndi chaka chamawa, m'mawa umodzi wa Loweruka sungamulepheretse. Loweruka likubwerali ndidzamudikira pa depoti cha m'ma 8, tidzapitira limodzi. Avale chitenje, poti pali kugwada. Ya minibasi yobwerera ndimupatsa ine. Moni kwa alamu, ndiwo zanga zikupserera.