Funsani Amakaniko: Galimoto ikamanjenjemera ikangolizidwa

FUNSO: Ndili ndi Polo Vivo 1.4 ya 2013, yayenda makilomita 187,000. Ndikailiza m'mawa imanjenjemera, nthawi zina imazima ndisanatuluke pageti. Pakapita mphindi zinayi imayenda bwinobwino tsiku lonse. Ndasintha mapulagi onse koma palibe chasintha. Anzanga akuti ndigule pampu ya mafuta, ena akuti ndisiye petulo wa 93 ndizithira wa 95. Ndimvere ziti?
Bambo a ku Rosettenville

YANKHO: Bambo, ndalama ya pampuyo isungeni kaye. Pampu yofooka imaonekera pokwera chitunda kapena mukaponda moto pa msewu waukulu wa M1, pamene injini ikufuna mafuta ambiri. Yanuyi ikuvuta ikadali yozizira basi, ndiye tifufuze pamenepo. Za 95 nazonso zisiyeni. Nambala imeneyo imanena za mmene petulo amapiririra kupanikizika, siichiza kunjenjemera kwa m'mawa.

Petulo sasakanikirana bwino ndi mpweya injini ikazizira, choncho kompyuta ya galimoto imawonjezera mafuta ndi kukweza idling (kulira kwa injini galimoto itaima) kufika cha pa 1,200 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), kenako n'kutsitsa pang'onopang'ono mpaka 750 kapena 850. Pa nthawi imeneyi sensa ya ku ekizozi imakhala isanatenthe, ndiye kompyuta imangodalira zimene ikuuzidwa ndi sensa ya kutentha kwa madzi. Sensayi ikanama kuti injini yatentha kale, mafuta amachepa, galimoto n'kumanjenjemera mpaka itatenthadi.

Kuyesa kwake kumafuna galimoto imene yagona usiku wonse. Musailize. Lumikizani makina a diagnostic, owerenga kompyuta ya galimoto, pa soketi yake yotchedwa OBD pansi pa chiwongolero, tsegulani kiyi, muwerenge manambala awiri: kutentha kwa madzi ndi kutentha kwa mpweya wolowa. Ziwirizi zisasiyane kupitirira madigiri asanu. M'mawa wa Julayi kuno ku Johannesburg zimatha kukhala pansi pa 5. Madzi akamawerenga 40 kapena 60, sensa yatha. Nthawi zambiri kompyuta siilemba code (nambala yosonyeza vuto) iliyonse, chifukwa kwa kompyuta 40 ndi nambala yotheka. N'chifukwa chake makaniko wongoyang'ana ma code angakubwezeni kuti galimoto ilibe vuto. Amene ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ayese sensayo payokha: yamtunduwu imawerenga ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha pa 300 pa madigiri 80.

Sensa ikapezeka yabwino, masulani payipi yaikulu yochokera ku air filter muone throttle body, pamene pali kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Pa makilomita ngati anuwo mumapezeka mwaye wakuda wonona m'mphepete mwa kachitseko kake, pomwe pamadutsa mpweya wa idling. Tsukani ndi mankhwala ake ndi kansalu. Pa Polo kachitsekoka kamayendetsedwa ndi mota, musakakankhe mwamphamvu ndi chala, ndipo mukatsuka lumikizaninso galimoto ku makina a diagnostic kuti kompyuta iphunzirenso malo ake. Mukapanda kutero idling imakwera ndi kutsika.

Chachitatu ndi mpweya wolowera pambali. Mapayipi a labala ndi gasiketi ya manifold (njira yogawira mpweya ku masilinda) zikakalamba zimauma, kukazizira zimasiya kampata, zikatentha n'kutsekanso. Mvetserani kamluzu injini ikulira, pindani payipi iliyonse muone ming'alu. Code yake imakhala P0171.

Mtima ukadali pa pampu, yesani izi mosalipira kanthu. Tsegulani kiyi osaliza, dikirani masekondi atatu, tsekani, muchite katatu kenako mulize. Ikalira bwino kuposa masiku onse, ndiye kuti mafuta akumabwerera m'thanki usiku, ndipo apo m'pamene mungapemphe kuti ayese pressure ndi geji.

FUNSO: Corolla 1.6 yanga imamisa kwa masekondi makumi atatu ndikailiza m'mawa, nyali ya injini ikuphethira, kumbuyo kukutuluka utsi woyera. Kenako imasiya. Sabata iliyonse ndikumawonjezera madzi koma pansi sindiona podontha.
Mayi a ku Tembisa

YANKHO: Mayi, ili musalizengereze. Nthunzi yoyera m'mawa wa Juni ndi yachizolowezi, imatha ekizozi ikatentha. Chotidetsa nkhawa ndi madzi amene akusowa osadontha pansi. Zizindikiro zitatuzi, kumisa, utsi woyera ndi kusowa kwa madzi, zikabwera pamodzi timakayikira gasiketi ya cylinder head (mutu wa injini) imene yayamba kuboola. Mukazimitsa injini yotentha, madzi amakhala akadali ndi pressure, ndiye amalowa timadontho mu silinda imodzi usiku wonse. M'mawa pulagi imalephera kuyatsa mpaka madziwo atatha. Utsi wake umamveka kafungo kotsekemera ka antifreeze.

Yambani ndi code. P0301 mpaka P0304 imakuuzani silinda imene ikumisa. Nambala yomaliza ndiyo silindayo. Ngati galimoto yanu ili ndi koilo (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) pa pulagi iliyonse, sinthanitsani koilo ya silinda yodwalayo ndi ya pambali pake, mufufute code, muyesenso mawa lake. Code ikasamuka, vuto ndi koilo ndipo mwapulumuka. Ikakhala pomwepo, tulutsani mapulagi onse anayi injini yozizira muwayale pamodzi. Atatu akakhala ofiirira koma imodzi yoyera mbee ngati yatsopano, imeneyo ikutsukidwa ndi nthunzi.

Kugalaja mupemphe mayeso awiri asanamasule chilichonse. Loyamba ndi block test: mankhwala a buluu amaikidwa m'kachubu koyesera pakamwa pa radiyeta, ndipo amasanduka achikasu ngati utsi wa injini ukulowa m'madzi. Lachiwiri ndi kupopa pressure ya pafupifupi 1 bar m'njira ya madzi n'kuisiya, kenako n'kusuzumira mu silinda. Akamasula head, aiyese ngati yapindika asanaike gasiketi yatsopano, apo ayi mudzabwereranso ndi vuto lomweli.

Podikira, musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, muzithira antifreeze ndi madzi theka ndi theka, ndipo nyali ikamaphethira musayende. Petulo wosapsa amakapsera mu catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi, n'kuisungunula, ndipo imeneyo ndi yodula kwambiri.

FUNSO: Bakkie (pikiapu) yanga ya dizilo imachedwa kulira m'mawa, ikalira imagwedezeka ndi utsi wotuwa. Kodi ndi ma injector?
Achimwene a ku Diepsloot

YANKHO: Achimwene, ma injector, amene amapopera dizilo mu silinda, akhale omaliza. Mawa musanalize, popani kapampu ka pamwamba pa fyuluta ya dizilo mpaka kalimbe. Ikalira msanga, mpweya ukumalowa usiku, kawirikawiri pa fyuluta pomwepo kapena pa timapayipi tobweza dizilo. Ikapanda kusintha, yesani ma glow plug, mapulagi otenthetsa silinda musanalize, limodzilimodzi ndi multimeter, mutachotsa waya wake. Labwino limawerenga cha pa 1 ohm, lakufa siliwerenga kanthu. Batire yogona iwerenge 12.6 V, ndipo poliza isatsike pansi pa 9.6 V. Spuleyi yothandiza kuliza injini musaipopere mu injini ya ma glow plug, imatha kuphulika nthawi isanakwane n'kuthyola ma ring.