Kodi kulembera munthu wosakudziwa ndi sipamu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakonzera makampani ang'onoang'ono mawebusaiti. Analemba motere: "Makasitomala sakubwera okha. Ndikufuna ndiyambe kulembera makampani amene sandidziwa, ndipo wina akuti angandigulitse mndandanda wa maadiresi a imelo 8,000. Koma ine sipamu ndimadana nayo. Ndikatero, nanenso sindikhala m'gulu lomwelo?"

Mayi, mafunso mwafunsa awiri ngakhale mwawamanga mtolo umodzi. Kulembera munthu amene sakudziwani, pakokha, si sipamu. Koma mndandanda uja musaugule.

Bungwe la Spamhaus, limene lakhala likulondola otumiza sipamu kuyambira 1998, limati sipamu imakhalapo zinthu ziwiri zikakumana: wolandirayo sanapemphe, ndiponso uthenga womwewo wamwazidwa kwa anthu ambirimbiri. Chimodzi chokha sichikwanira. Munthu wofunsira ntchito amalembera bwana amene sanamupemphe kalata, ndipo palibe amadabwa. Sitolo imatumiza uthenga umodzi kwa anthu zikwi amene analembetsa okha, ndipo nazonso n'zabwinobwino.

Ambiri amaganiza kuti sipamu ndi ya akuba ndi ogulitsa mankhwala abodza okha. Imelo imene imatchedwa sipamu yoyamba inatumizidwa mu May 1978 ndi Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation, kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti. Ankaitana anthu kuti akaone makompyuta enieni a kampani yodziwika. Bodza munalibe, koma anthu anakwiyabe. Ndiye zoti "malonda anga ndi achilungamo" sizikupulumutsani.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Mukalemba imeloyo, fufutani dzina la wolandira, muikepo dzina la munthu wina aliyense. Ngati ikumvekabe bwino osasintha liwu lililonse, ndiye kuti simunalembere munthu, mwalembera chikhamu.

Taonani ziwiri izi. Yoyamba ikuti: "Okondedwa bwana, ndife akatswiri a mawebusaiti ndipo tingatukule bizinesi yanu." Yachiwiri ikuti: "Ndinatsegula webusaiti yanu pa foni ndipo batani lotumizira oda likubisika kuseri kwa chithunzi, moti munthu sangalidine. Ine ntchito yanga ndi yokonza zoterezi. Ngati muli naye kale wokonza, ingomusonyezani chithunzi ndaikachi." Wolemba yachiwiriyo anakhala pansi, anaona, ndipo wolandira wapindulapo kanthu ngakhale asagule. Imeneyi simungaitumize kwa anthu 8,000 ngakhale mutafuna, ndipo n'chifukwa chake imawerengedwa.

Tsono malamulo. Amasiyana kwambiri, ndipo muziyang'ana a kumene kuli wolandirayo, osati a kwanu okha. Ku America lamulo la CAN-SPAM la 2003 limalola kulembera munthu asanavomere, bola musaname za amene watumiza, mutu wa imelo usasocheretse, muikemo adiresi yanu ya positi, ndipo amene wati "musandilemberenso" mumuchotse pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Ku Canada, kuyambira July 2014, n'kosiyana: chilolezo chimayamba. Komabe ngati munthu anaika yekha adiresi yake poyera, sanalembepo kuti safuna zotsatsa, ndipo uthenga wanu ukukhudza ntchito yake, lamulo limatenga ngati walola. Kampani yolakwira ingalipitsidwe mpaka madola a ku Canada 10 miliyoni. Ku Britain mungalembere kampani yolembetsedwa popanda chilolezo, koma wochita bizinesi payekha amatetezedwa ngati munthu wamba. Ku Germany ndiye n'kothina, ngakhale kampani kulembera kampani inzake zotsatsa pamafunika kuvomera kaye.

Kunena zoona, amene angakulangeni msanga si khoti. Ndi chala cha wolandira. Akadina batani lija lonena kuti iyi ndi sipamu, makina amasunga. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa zofunika kwa otumiza maimelo ambiri. Ku Gmail, wotumiza pafupifupi 5,000 pa tsiku ayenera kutsimikiza domeni yake (dzina lobwera pambuyo pa chizindikiro cha @ mu adiresi ya imelo) ndi SPF, DKIM ndi DMARC, zimene ndi njira zosonyeza kuti imelo yachokeradi kwa mwini domeniyo, aike njira yodzichotsera pongodina kamodzi, ndipo madandaulo asafike pa 0.3 peresenti. Tawerengani ndi mndandanda wanu uja: pa anthu 8,000, okwiya 24 okha akwana.

Ndipo mndandandawo ndi chikomekome cha mkuyu. Amene akukugulitsaniyo wagulitsa kale kwa ena ambiri, choncho eni maadiresiwo atopa inu musanafike. Ena anasiya ntchito kalekale ndipo maimelo azingobwerera. Choopsa kwambiri ndi maadiresi a msampha: ena ndi akale osiyidwa amene anatsegulidwanso dala, ena sanakhalepo ndi mwini, anangoikidwa pa intaneti kuti akole otolera maadiresi. Mukalembera imodzi yotere mwadziulula nokha kuti simunapemphe aliyense. Domeni yanu ikada mbiri, si zotsatsa zokha zimene zimagwera m'foda ya sipamu. Ma invoice anu ndi mayankho opita kwa makasitomala enieni amatsatira komweko, ndipo kuyeretsa dzina kumatenga nthawi.

Pali timachenjera tina timene timandinyansa kuposa mndandanda wogula. Wina amayamba mutu ndi "Re:" ngati tinalankhulapo kale. Ine ndinatsegulapo yotere ndili ndi mantha kuti ndaiwala kuyankha munthu, n'kupeza kuti ndi mlendo wogulitsa. Sindinawerenge n'komwe zimene amagulitsazo. Winanso amayika makina oti azikumbutsa masiku atatu alionse, "mwina simunaione", mpaka kasanu ndi kawiri. Ndinaiona, bambo. Munthu ukati odi kawiri pakhomo osayankhidwa, umabwerera. Kwa ine imelo imodzi ndi chikumbutso chimodzi patatha sabata n'zokwanira, ndipo chete wa wolandira ndimamuwerenga ngati "ayi".

Ndiye ndikanakhala inu, ndikanasankha makampani khumi pa sabata amene ndaona ndi maso anga vuto pa webusaiti yawo. Ndikanalembera adiresi imene aika okha yolandirira nkhani za bizinesi, osati ya munthu payekha imene ndaifukula kwina. Ndikanatchula dzina langa lenileni, kumene ndapeza adiresiyo, ndi chiganizo chimodzi chakuti akangoyankha kuti "ayi" sadzandimvanso. Amene akana muziwalemba penapake ndipo mndandanda umenewo musautaye, chifukwa pakatha chaka mudzaiwala n'kuwalemberanso.

Wogulitsa maadiresi uja mufunseni funso limodzi: anthu 8,000 amenewa anavomera liti, ndipo anavomera kulandira imelo za ndani? Akakuyankhani mundilembere, ndikufuna ndimve.