Kodi pulogalamu ya pa GitHub ndingaikhulupirire?

FUNSO: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Dedza, ndipo m'makompyuta athu tinaikamo Ubuntu, mtundu wa Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse), popeza ndi yaulere. Pali pulogalamu ya masamu imene sindinaipeze m'nkhokwe ya Ubuntu. Ena akundilangiza kuti ndiwonjezere PPA, ena akuti ndikaitenge pa GitHub. Popeza code yake (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo) aliyense angathe kuiona, kodi pangakhalenso choopsa?

YANKHO: Aphunzitsi, choopsa chilipo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanaike kalikonse. Kuti code ili poyera sizitanthauza kuti alipo amene anaiwerenga, choncho funso lofunika ndi lakuti: kodi amene akukupatsani pulogalamuyo ndani, ndipo ntchito yake amaiunika ndani?

Ubuntu, imene kampani ya Canonical inayamba kutulutsa mu 2004, imatenga mapulogalamu ake ambiri ku Debian, mtundu wina wa Linux, n'kuwagawa m'zigawo zinayi. Chigawo cha main chimasamalidwa ndi Canonical yeniyeniyo, cha universe chimadalira kwambiri anthu odzipereka, pamene restricted ndi multiverse zili ndi mapulogalamu amene malamulo ake salola ufulu wonse. Chilichonse chochokera kumeneko chimakhala ndi siginecha imene kompyuta yanu imaitsimikizira isanachilandire, ndipo chikapezeka ndi vuto, chokonzedwacho chimafika kudzera m'njira yomweyo.

PPA ndi nkhani ina. Imeneyi ndi nkhokwe ya munthu payekha imene imasungidwa pa Launchpad, tsamba la Canonical, ndipo aliyense wolembetsa angathe kutsegula yake. Launchpad imamanga pulogalamuyo n'kuikapo siginecha, koma Canonical siunika zimene zili m'katimo. Anthu ambiri sadziwa kuti poika pulogalamu yotere, malangizo ake amayenda ndi mphamvu zonse za mwini kompyuta, ndiponso kuti mwini PPA angathe kutumiza china chilichonse mtsogolo ngakhale kulowetsa zake m'malo mwa mapulogalamu a Ubuntu. Zili ngati kupatsa munthu kiyi wa nyumba yonse pamene mumangofuna kuti akukonzereni zenera limodzi.

GitHub nayo ndi malo osungirako code basi, ndipo siimapereka chitsimikizo chilichonse pa zimene anthu aikapo.  

Chimene chinachitika mu Marichi 2024 chiyenera kutiphunzitsa tonse. Katswiri wina, Andres Freund, ataona kuti kulowa m'makina ake kukuchedwa pang'ono, anafufuza mpaka anapeza khomo lobisika lolowera m'kompyuta popanda chilolezo mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo imene imapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Amene analiika anali atathandiza pa ntchitoyo kwa zaka pafupifupi ziwiri kufikira atakhulupiriridwa, ndipo mbali ina ya msamphawo anaiika m'mafayilo otsitsa okha, osati mu code imene anthu ankaiona pa GitHub. Mitundu yoipayo, 5.6.0 ndi 5.6.1, inafika m'zigawo zoyeserera za Debian ndi Fedora (mtundu winanso wa Linux), koma inagwidwa isanalowe mu Debian yokhazikika kapena mu Ubuntu yotulutsidwa kale. Kuchedwa kwa nkhokwe zovomerezeka, kumene ambiri amadandaula nako, ndiko kunateteza anthu wamba.

Pa makompyuta a ana asukulu, ine ndikulangizani kuti muyambe mwafufuzanso mu universe, chifukwa nthawi zina dzina la pulogalamu limalembedwa mosiyana. Ikasowa, yang'anani m'nkhokwe zina za mapulogalamu, pa Flathub kapena pa Snap Store, kumene mapulogalamu ambiri amayenda motchingidwa kuti asakhudze mbali zina za kompyuta, ndipo musankhe imene ili ndi chizindikiro chotsimikizira kuti anaiika ndi eni ake. Konzekeraninso bandulo yokwanira, popeza pulogalamu yoyamba yochokera pa Flathub imatsitsa zinthu zambiri. PPA muilandire pokhapokha ngati tsamba la opanga pulogalamuyo likuitchula, muiyese kaye pa kompyuta imodzi, ndipo mulembe m'kabuku PPA iliyonse imene mwawonjezera. Posamukira ku Ubuntu yatsopano ma PPA onse amazimitsidwa, ndipo mukafuna kuchotsa ina n'kubwezeretsa mapulogalamu a Ubuntu, gwiritsani ntchito pulogalamu yotchedwa ppa-purge.