Gitala ya resonator yokalika ndi yopindika pang'ono: kodi mugule?

Wowerenga wina wa ku Matawale wandilembera pa imelo kuti wapeza gitala ya resonator (gitala yokuza mawu ndi chimbale chomwe chili mkati mwake) yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe mwini wake akugulitsa kuno ku Zomba. Gitalayo ndi ya thupi lachitsulo, kumsana kwake ndi kokalikakalika, pomwe pamatsamira mkono kuwala kunatha, ndipo yapindikira mkati malo awiri: m'mphepete cha kumunsi, ndi pa chivundikiro chobowolabowola cha kutsogolo. Wogulitsayo akuti zonsezi ndi za maonekedwe chabe. Funso ndi lakuti kodi amukhulupirire n'kugula.

Bambo, pa zilema zinayi zomwe mwatchulazo, zitatu zisakudetseni nkhawa, koma chachinayi, cha pa chivundikirocho, musachivomereze musanaone zomwe zili pansi pake. Pa gitala ya mtundu uwu, malo omwe chilema chili ndi ofunika kuposa kukula kwake.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Gitala wamba imalira chifukwa thabwa la kutsogolo limanjenjemera, choncho mng'alu pa thabwalo umaononga mawu. Resonator inapangidwa mwa njira ina. John Dopyera, mmisiri wobadwira ku Slovakia yemwe ankakhala ku Los Angeles, anaipanga m'zaka za m'ma 1920 pofuna gitala yomveka pakati pa malipenga, nthawi yomwe magitala a magetsi anali asanafike, ndipo kampani ya National inayamba kuzigulitsa mu 1927. Mkati mwake anaikamo chimbale chopyapyala cha aluminiyamu chotchedwa cone, chomwe chimagwira ntchito ngati sipika ya wailesi: nsambo zikagwedezeka, chimbalecho chimanjenjemera n'kukankha mpweya. Thupi la gitala limathandizako pa kamvekedwe, koma ntchito yake yaikulu ndi kugwira chimbalecho molimba. N'chifukwa chake kukalika kwa kumsana ndi kupindika pang'ono kwa m'mphepete sikusintha kanthu komwe khutu lingamve.

Chivundikiro chija chinaikidwa kuti chiteteze chimbalecho, chomwe ndi chofewa moti chala chokha chikhoza kuchipinda. Ngati chivundikiro chinapindika, ndiye kuti pali chomwe chinamenya pamenepo, ndipo mphamvu yake ikhoza kukhala kuti inafika pansi. Yambani mwadziwa mtundu wa gitala yomwe mwaionayo. Ina imakhala ndi chimbale chimodzi cha mainchesi 9.5, chotundumukira kunja, chokhala ndi kathabwa kozungulira pamwamba pake komwe nsambo zimatsamirapo, ndipo kathabwako amakatcha biscuit. Mtundu uwu ndiwo umavulala msanga, chifukwa kulemera konse kwa nsambo kumatsikira pansonga pa chimbale. Ina, yomwe Dopyera anapanga atachoka ku National n'kuyambitsa kampani ya Dobro pamodzi ndi abale ake, chimbale chake chimayang'ana kumwamba ngati mbale, ndipo pamwamba pake pamakhala chitsulo cha miyendo isanu ndi itatu chotchedwa spider. Mtundu wachitatu uli ndi timbale titatu tating'ono ta mainchesi 6. Gitala ya thupi lachitsulo ndi chivundikiro chozungulira nthawi zambiri imakhala ya mtundu woyambawo.

Mukapitanso kukaiona, pitani masana, ndipo muunike ndi tochi ya pa foni kudzera m'timabowo ta chivundikiro. Chimbale chabwino chimaoneka chosalala mozungulira monse. Chovulala chimakhala ndi khwinya, kawirikawiri pafupi ndi kathabwa kaja, kapena chimaoneka kuti chakhalira mbali imodzi. Onetsetsaninso kuti kachitsulo kopingasa pakati pa chivundikiro, komwe dzanja limatsamirapo, sikakukhudza nsambo kapena kathabwako. Kenako ichuneni bwino, n'kuliza nsambo iliyonse pa freti iliyonse (mafreti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) kuyambira kumutu mpaka kuthupi, modekha kenako mwamphamvu. Phokoso la zzz silitanthauza nthawi zonse kuti chimbale chafa, pakuti sikuluwu ya chivundikiro yomasuka kapena chitsulo chomangirira nsambo kumunsi zimachitanso zomwezo, ndipo mudzazindikira zimenezi ngati phokosolo likusiya mukadina pamalopo ndi chala. Koma ngati phokoso silikutha, mawu akumveka ogontha ndipo akuzima msanga, vuto lili mkati. Zikatero pemphani mwini wake kuti mumasule nsambo ndi kutsegula chivundikirocho. Wogulitsa wokana zimenezi pa gitala yomwe ikulira molakwika ndi wofunika kumusiya ndi katundu wake.

Chimbale chopindika sichiwongoleka n'kubwerera mwakale. Musaganize zokapereka kwa okhoma zidebe a mu msika wa Zomba kapena kwa owongola magalimoto, ngakhale ali aluso pa ntchito yawo, chifukwa chimbalechi chimapangidwa pochizunguza pa makina mpaka chipyapyale mofanana paliponse, ndipo nyundo singabwezeretse zimenezo. Njira yokhayo ndi kugula china cha saizi yomweyo, ndipo muyembekezere kuti mudzachita kuitanitsa kunja, kulipira mtengo wotumizira ndi msonkho. Ndalama imeneyo ichoke pa mtengo wa gitala.

Pali chinthu china chomwe simunachitchule m'kalata yanu, chomwe kwa ine n'chachikulu kuposa chimbale, ndicho khosi. Chimbale chimasinthika, koma khosi lopotoka kapena lomwe lasuntha pomwe limalumikizana ndi thupi limafuna mmisiri weniweni wa magitala. Ikani diso kumutu kwa gitala n'kuyang'ana motsetsereka mpaka kuthupi kuti muone ngati khosilo lili lowongoka, ndipo mufufuze kuseri kwa mutu ngati pali mzere wa guluu wosonyeza kuti panathyokapo. Lizani nsambo osadina, kenako muidine pa freti ya 12: mawu achiwiriwo ayenera kufanana ndi oyambawo, kungoti okwera. Nsambo zokwera pang'ono zisakudabwitseni, chifukwa eni magitala otere ambiri amazikweza dala kuti aziimba ndi kabotolo kapena kachitsulo kotsetsereka pa nsambo, monga ankachitira akuluakulu athu oimba hauyani. Koma ngati khosi lake ndi la makona anayi, gitala imeneyo ndi yoimbira pamiyendo basi, ndipo simungathe kudina nsambo zake ndi zala.

Za dzimbiri, kumbukirani kuti kwathu kuno m'munsi mwa phiri chinyezi chimachuluka nyengo ya dzinja. Tengani maginito: akamamatira pa thupi la gitala, ndiye kuti ndi lachitsulo chenicheni, ndipo paliponse pomwe pakalika mpaka mkati padzachita dzimbiri mukapanda kumapukuta ndi nsalu youma. Akapanda kumamatira, mwina ndi la mkuwa wokutidwa ndi nickel, womwe umangothimbirira koma sudyeka msanga. Musaukweche ndi sandipepa kapena sitiliwulu pofuna kuti uwale, chifukwa mudzachotsa chokutira chomwe chatsalacho.

Ngati khosi lili bwino ndipo chimbale n'chosalala, gulani, koma munenerere, pakuti zilema zooneka zimatsitsa mtengo ngakhale sizitsitsa mawu, ndipo tsiku lomwe inu mudzafune kuigulitsa wogula adzaziloza zomwezo. Dzina la National kapena Dobro pamutu lisakhale chifukwa chokha chokwezera mtengo. Funsani komwe gitalayo inachokera, ndipo mulemberane kapepala kosonyeza kuti mwagula. Mukafika nayo kunyumba n'kufuna kuikamo nsambo zatsopano, sinthani imodziimodzi, chifukwa chimbale chija sichinamatidwe ndi guluu, chimagwidwa ndi mphamvu ya nsambozo, ndipo mukazichotsa zonse pakamodzi chikhoza kusuntha n'kusokoneza kachunidwe.