Alamu anu anaona makatoni, inu munaona masanje

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Zomba amene amawerenga zomwe ndimalemba za mafilimu. Ndingofupikitsa. Akuti Loweruka lina anaitana abale ndi anzawo asanu kudzaonera Dave Made a Maze, filimu yomwe iwo anaikonda kwambiri ataionera okha pa laputopu. Awiri anaseka mpaka misozi, mmodzi anagona, wina anangokhala duu, ndipo alamu awo anadzuka filimu isanafike ndi pakati pomwe, n'kunena kuti, "Mwatiitanira makatoni?" Tsono akufunsa: "Zitheka bwanji kuti filimu yomwe inapata mphoto yosankhidwa ndi anthu oonerera igawe anthu chonchi pabalaza panga? Kapena wopepera ndine?"

Achemwali, simuli opepera ayi. Koma alamu anuwo sindiwaimbanso mlandu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kwa amene simunaione, nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wotchedwa Annie akubwera kuulendo, ndipo akupeza pabalaza pali kanyumba ka makatoni, konga kaja ana amamanga akapeza katoni ya firiji. M'katimo mukumveka mawu a chibwenzi chake, Dave, mnyamata wa zaka 30 amene chilichonse amangoyamba osamaliza. Akuti wasochera. Akuti m'kati ndi mokula kuposa momwe mukuonekera kunja, ndipo akuchonderera kuti wina aliyense asalowe, komanso asagwetse kanyumbako chifukwa wakavutikira. Annie akuitana mnzawo Gordon, Gordon akuitana ena, mpaka pakubwera kagulu kojambula filimu ndi kamera yawo. Onse akulowa. M'katimo akupeza njira zokhotakhota zosatha, misampha yopha anthu, mbalame zopinda ndi mapepala zomwe zili ndi moyo, ndi Minotaur, chilombo cha m'nthano za Agiriki chija cha thupi la munthu koma mutu wa ng'ombe. Pano mutuwo ndi wa katoni, ndipo thupi ndi la John Hennigan, amene okonda masewero ogwetsana a WWE amamudziwa kuti John Morrison. Filimu yonse ndi ya mphindi pafupifupi 80.

Tiyambe ndi mphotoyo, chifukwa ndi pamene pagona chisokonezo chanu. Filimuyi inaonetsedwa koyamba mu Januwale 2017 ku Slamdance, ndipo kumeneko ndi komwe oonerera anaivotera. Slamdance si holo ya kanema wamba. Ndi chikondwerero chomwe chinayamba mu 1995, oyambitsa ake ali opanga mafilimu amene ntchito zawo zinakanidwa ku Sundance, chikondwerero chachikulu cha mafilimu ku America, ndipo kwa zaka zambiri chinkachitikira m'tauni yomweyo ya Park City ku Utah, nthawi imodzi ndi Sundance. Amene amadzaza mipando kumeneko ambiri ndi anthu oti nawonso anajambulapo filimu ndi ndalama zongopemphetsa, kapena akulota kutero. Munthu wotere akaona khoma la makatoni saona umphawi. Amawerenga maola. Amadziwa kuti pali wina amene anakhala usiku ndi mpeni ndi guluu kudula tizidutswa timeneto kamodzikamodzi. Ndiye mukamva kuti oonerera anaikonda, muzifunsa kuti oonerera ake ati. Alamu anu sanali m'gulu limenelo, ndipo sanavote.

Ntchito yamanjayo inalidi yaikulu. Opanga filimuyi amanena kuti anagwiritsa ntchito makatoni opitirira masikweya fiti 30,000, ambiri otoledwa pa zotayidwa za makampani. Mukawayala pansi angaphimbe gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a bwalo la mpira. Amene anatsogolera zomangazo ndi Trisha Gum ndi John Sumner, ndipo malo ojambulira anali ochepa, moti chipinda chinkamangidwa, kujambulidwa, kenako n'kugwetsedwa kuti pamangidwe china. Wotsogolera filimu, Bill Watterson, inali filimu yake yaitali yoyamba, ndipo nkhaniyo analemba ndi Steven Sears. Apa ndichenjeze: pali Bill Watterson winanso, wojambula makatuni wotchuka, ndipo anthu ambiri pa intaneti amawasokoneza. Ndi anthu awiri osiyana, dzina lokha ndilo limodzi.

Koma kuchuluka kwa thukuta sikukakamiza munthu kuseka. Chimene ndikuona ine n'chakuti filimuyi imapempha chinthu chimodzi kwa woonerera, ndipo imapempha msanga, m'mphindi zoyambirira zomwe: kuti avomere kuchita masanje. Kumbukirani mmene masanje ankayendera. Wina akati dothi ili ndi nsima, masamba awa ndi ndiwo, iwe ndiwe bambo, iwe ndiwe fisi, palibe ankatsutsa. Tonse tinkadziwa kuti ndi dothi, ndipo kukoma kwake kunali komweko, kuti tikudziwa koma tagwirizana. Akabwera mkulu wina n'kunena kuti "limenelo ndi dothi," sananame, koma sewero linkathera pomwepo. Mafilimu ambiri amene tinazolowera amabisa dothi lawo. Amalipira ndalama zankhaninkhani kuti kompyuta ipange moto ndi zilombo zooneka zenizeni, kuti iwe usavutike kukhulupirira. Dave Made a Maze imakuonetsa selotepi, imakuonetsa m'mphepete modulidwa mokhota, n'kukuuza kuti tiye tisewere. Amene wavomera amasangalala ndi chipinda chilichonse. Amene wakana amaona mphindi 80 za anthu akuluakulu akuthamangathamanga m'makatoni, ndipo sakunama.

Poyesera penipeni ndi pa imfa yoyamba. Msampha ukudula munthu mutu, ndipo m'malo mwa magazi mukutuluka ulusi wofiira ndi timapepala tofiira tikuuluka ngati pa ukwati. Ndikukhulupirira kuti mukakumbukira bwino, apa ndi pamene balaza lanu linagawikana. Ena amaphulika nako kuseka chifukwa maso akuona chikondwerero pamene nkhani ikunena za imfa. Ena amakwinya nkhope, ndipo pa zifukwa ziwiri zosiyana. Oyamba ndi aja anakulira mafilimu a nkhondo ndi karate m'tinyumba toonetsa vidiyo, amene kwa iwo magazi ndiwo umboni woti zinthu zafika povuta. Ukawapatsa ulusi amamva ngati wawanyoza. Achiwiri ndi amene zimawakhumudwitsa kuti anthu akufa koma anzawo sakulira mokwanira, akungopitiriza nthabwala ndi kujambula. Kwa ife amene maliro amaimitsa mudzi wonse, chimenechi si chaching'ono, ndipo ine ndemwe chinandikhala pakhosi nditaonera kachiwiri. Filimuyi imafuna kuti imfa ikhale yoseketsa komanso yeniyeni nthawi imodzi, ndipo si paliponse pamene yakwanitsa.

Pali chinanso chomwe okonda filimuyi sakonda kuvomera. Dave ndi wotopetsa. Mnyamata wa zaka 30, ali ndi pogona pabwino, ali ndi chibwenzi chomupirira, makolo akumuthandizabe, ndipo dandaulo lake lalikulu ndi lakuti sanamalizepo kupanga kanthu kopambana. Ku America kuli anthu ambiri a msinkhu wake amene anadziona mwa iye, makamaka oimba, ojambula ndi olemba amene ntchito zawo zimathera m'kabati. Koma munthu amene wadzuka m'mamawa kukasaka ya ufa ndi ya fizi akhoza kumumvera n'kungoti, "Vuto lake ndi limeneli basi?" Ngakhale olemba za mafilimu amene anaiyamikira, ambiri anagwirizana pa mfundo imodzi, kuti zomangazo n'zamphamvu kuposa nkhani ndi anthu ake. Inenso ndili pomwepo. Nick Thune, amene akusewera Dave, ndi wanthabwala wa pasiteji, ndipo nthabwala zake ndi zija zonena nkhope ili gwa, zodalira kamvekedwe ka Chingerezi cha ku America, zomwe zimadutsa osaziona ngati khutu silinazolowere. Amene wanyamula filimuyi kwa ine ndi Meera Rohit Kumbhani, Annie uja, chifukwa nkhope yake ikunena zomwe woonerera wanzeru akuganiza: ndimakukonda, koma taona zomwe wachitazi.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti simunalakwe kuikonda? Chifukwa pali malo amene manja a anthu achita zomwe kompyuta sikanandipatsa. Pali pamene onse akugwera m'chipinda china n'kusanduka zidole za timatumba ta pepala, n'kumapitiriza kukangana ngati palibe chachitika. Pali khonde lokhala ngati makiyi a piyano, pali makoma a makadi a juga, pali chipinda chonyenga maso moti chinthu chooneka chaching'ono chikhala chachikulu munthu akachiyandikira. Ukamaona zimenezi mutu umagwira ntchito ziwiri, kutsatira nkhani ndi kufunsa kuti anapanga bwanji. Ndi chimwemwe chomwe chija timamva tikaona mwana akuyendetsa galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino ndi matayala a zitsekerero. Palibe amati ndi yabodza poti ilibe injini. Timaima n'kuyang'ana mmene wamangira. Ndiponso makatoniwo si chokongoletsera chabe: munthu amene samaliza zinthu wasochera m'chinthu chake chosamaliza, chomangidwa ndi zinthu zosakhalitsa, ndipo njira yotulukira ndi yakuti achimalize. Akanamanga ndi miyala ya pakompyuta, nkhaniyo ikanafa.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo yanu ngati muyesenso kuwaonetsa ena. Yesani, koma musinthe kaitanidwe. Ndikuganiza kuti munawauza kuti ndi filimu yoseketsa ya chilombo yomwe inapata mphoto, ndiye aliyense anabwera ndi filimu yakeyake m'mutu. Auzeni zoona zake: zonse ndi makatoni, magazi ndi ulusi, mwini nkhani ndi wolilalila, bwerani mudzaone zomwe anthu anamanga ndi manja. Amene akane pamenepo wakupulumutsani. Musaonetse pa foni kapena pa laputopu yaing'ono, chifukwa kukoma kwake kuli m'tizinthu ta m'makoma, ndipo yatsani mawu olembedwa pansi kuti nthabwala zisatayike. Ana aang'ono ayi, ngakhale ndi makatoni. Muli mawu otukwana ndi nthabwala zina za akuluakulu.

Alamu anuwo asiyeni kaye. Koma tsiku lina pocheza mudzawafunse ngati anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana, ndipo ngati anapangapo, inali ya mtundu wanji. Akayamba kufotokoza mmene ankapindira mawaya a chiwongolero, musawadule. Mudzandilembere zomwe adzanene.